Chingwe cha Pampu Chimene Ndinayanika Padzuwa

Amayi, kodi kumene munapitako mukukhalako bwanji?

Kuno ku Macheke tilipo, koma masiku athu ndi owerengeka. Bwana wandichotsa ntchito. Akuti mwezi ukatha tituluke m'komboni, ndipo mukudziwa kuti wochotsedwa saloledwanso kuponda pa purazi, pa munda wa bwana pano. Ndiye kuti manda anu, kuseri kwa mitengo ya bulugamu kuja, ndiwasiya. Chimenechi ndicho chikundiwawa kuposa ntchitoyo.

Ndiyambe ndi zabwino, poti munkadana ndi munthu wofika ndi maliro okhaokha. Mpongozi wanu Esinati anachira mu Juni, mwana wamkazi, ndipo tinamutcha dzina lanu. Kulira kwake ndi inu ndithu, sagonja. Chimanga cha pa kadimba kathu sichinachite bwino, koma maungu anabereka mpaka tinagawirako anzathu Achishona.

Tsopano mlandu wanga. Inu mutangotisiya, magetsi anafika pa purazi, bwana n'kuika pampu kudamu yothirira mbande za fodya. Anandipatsa ine kuti ndiziyang'anira. Magetsiwo ankafika pa pampu kudzera m'chingwe chakuda, mawaya mkati, kunja chokutidwa ndi mphira kuti chisagwire munthu. Anachikwirira m'kangalande kosaya. Mvula itagwa ndinafukula pang'ono, ndinapeza chili matope okhaokha, mtima wanga n'kuti chiwola ngati chingwe cha khonje.

Apa m'pamene munalowererapo inu, Amayi. Simunkati dzuwa ndi sing'anga wa amphawi? Chimanga chikagwidwa ndi anankafumbwe, padzuwa. Bulangete likachita nsabwe, padzuwa. Ine ndemwe ndikadwala chimfine munkandikhazika panja. Ndiye ndinachifukula chingwe chonse, ndinadula mphanda, n'kuchipachika m'mwamba kuti chiziwombedwa bwino ndi dzuwa. Ndinayenda modzikuza sabata yonse. Bwana ankadutsa pomwepo pagalimoto, ankachiona, sananenepo kanthu zaka zitatu.

Mwezi wathawu ng'ombe zinapita kukamwa. Mphanda imodzi inali itadyedwa ndi chiswe, chingwe n'kugwera m'matope. Nkhunzi ya bwana, imene anaitanitsa kuchokera kutali, inapondapo. Inagwa pomwepo osadzukanso.

Kunabwera mzungu wokonza magetsi, munthu wofatsa. Anadula kachidutswa n'kukapinda ine ndikuona. Mphira uja anathetheka ngati chinangwa chouma, zala zake zinada bii, mawaya ali poyera. Chingwe chonse chinali ming'alu yokhayokha. Kudzera mwa foromani anandiuza kuti m'kuwala kwa dzuwa muli mphamvu ina imene maso saiona. Si kutentha ayi. Imalowa mu mphira tsiku ndi tsiku n'kumamudya, mpaka amauma n'kung'aluka. Madzi akalowa m'ming'alumo, magetsi amatulukira momwemo. Akuti m'dothi muja chikanakhala zaka zambiri chili bwinobwino.

Ndinakwiya nanu masiku awiri, ndisakubisireni. Kenaka ndinadzifunsa kuti inu mphira munamuonera kuti, munthu wochokera ku Dedza wapansi, mwana kumsana? Wopusa ndine, amene sindinafunse. Komanso akanandiuza ndani? Anandionetsa poyatsira ndi pozimitsira basi. Pamatope pomwepo amayi a m'komboni amachapirapo. Akanatha kupondapo ndi Esinati. Bwana zimenezo sanazitchule, analira nkhunzi yake.

Kopita sindikukudziwa. Ena akuti ndikayese ku mgodi wa Mangula, koma pa chitupa changa alembapo kale mawu oipa, ndipo kapitawo aliyense amayamba wawerenga pamenepo. Ku Nyasalande ndinachokako ndili kumsana kwanu, ndikafika ndikalonjera yani? Munkati mlendo ndi mame. Ine ndinkayesa kuti poti takwirira mayi athu pano, ulendo unatha.

Ndapempha anzanga a gule kuti azilambula pamanda panu. Avomera, koma iwonso ndi aganyu ngati ine, chaka chamawa adzakhala kwina. Sindikunamizani kuti ndidzabweranso. Chimene ndingalonjeze ndi ichi: Lamlungu tikaweruka kutchalitchi ndibwera ndi khasu, ndilambule, ndiunjike miyala yambiri kuti thirakitala ikadzafika aone kuti pagona munthu. Ndidzagwada ndikutsanzikeni bwinobwino, osathamanga.

Ndimakukondani, Amayi. Mundikhululukire pokusiyani nokha kwa eni.

Ndine mwana wanu,
Yohane