Abambo Ako Aphunzira Kubisa Befu

Mwana wanga wokondedwa,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi amuna ako ndi ana. Kodi wamng'ono uja chifuwa chinasiya? Kuno tadzuka. Ine ndi miyendo yomwe ija basi.

Ndalemba kalata chifukwa foni imakhala m'thumba mwa abambo ako, ndipo ukaimba amayankha ndi iwo.

Kuchipatala, chipinda cha odwala mtima chija anachisandutsa cha odwala mliri. Mabedi ndi omwe aja, anangopachika mapulasitiki pakhomo. A mtima tsopano amawaonera m'kachipinda ka kuseri, pafupi ndi kochapira zovala. Opaleshoni ya abambo ako akuti idikire kaye.

Pageti anaikapo namwino wofunsa aliyense ngati akutsokomola kapena kubanika. Ulendo woyamba abambo ako anayankha zoona, kuti akubanika. Anawatengera kutenti ya anthu a mliri. Ine anandikaniza kulowa, ndinaima kumpanda ndi jekete yawo m'manja. Atawayeza anapeza kuti alibe matendawo, koma kwa adokotala a mtima anali atatseka kale.

Ulendo wachiwiri nzeru ndinapereka ndine. Ndinati tizikhala kaye pabenchi yodikirira basi mpaka befu lithe, ndipo pageti azingoti ndili bwino, osawonjezera. Tinayeserera kunyumba, ine ndikukhala namwino. Iwo ankaseka, amati ndakwezedwa pantchito popanda sukulu, andisokere ndi yunifolomu yomwe. Tsikulo tinadutsa.

Koma atalowa okha kwa adokotala, ananenanso zomwezo. Akuti adokotala anali ataphimba kumaso, ataima patali, panja anthu ali mbwee. Adokotalawo anangowapatsa mankhwala omwe aja, nati popeza ali bwino, mabedi ochepa otsalawo apite kwa amene afooka kwambiri.

Panjira ndinawafunsa chifukwa chake. Anati akanena zoona awagoneka, ndipo masiku ano salola wodwazika. Anandikumbutsa za anzawo ometa tsitsi aja, amene anagonekedwa okha, akazi awo n'kungolandira thumba la zovala.

Tsopano amagona chokhala, pampando. Mapazi atupa, nsapato sizikulowa, ndinachita kung'amba masilipasi pamwamba. Makina osokera sapalasanso. Buluku la munthu lili pomwepo ndi singano yake, mwendo umodzi wosapinda. Ine m'mawa uliwonse ndimapukuta zitseko ndi mankhwala, kenaka zogwirira, kenaka matebulo. Sindikudziwanso kuti ndikupukutiranji. Kulira sindikulira. Ndimangokhala n'kumayang'ana malaya awo akukwera ndi kutsika.

Pempho langa ndi ili. Ukaimba usawafunse ngati ali bwino, pamenepo anakhoza kale. Uwafunse chinthu chachitali. Unene kuti ukufuna kusokera mwana malaya, akufotokozere kadulidwe ka kolala kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Sangakane, ukuwadziwa. Udzamva wekha pamene mawu akuthera.

Ukamva usadule foni, ndipo usalire, chifukwa ukalira ayamba kutonthoza iwe. Uwauze apite akanene zoona, ngakhale awagoneke okha. Ine ndanena mpaka malovu auma, amangotseka maso. Iwe chibadwire chako sanakukanirepo kanthu.

Akafunsa amene wakuuza, unene kuti ndine. Akwiye, bola akwiyire kuchipatala. Chikwama chawo ndalongedza kale, chili kunsi kwa bedi.

Upereke moni kwa amuna ako, kwa apongozi ako ndi kwa adzukulu anga. Muzisamba m'manja. Mulungu akusungeni nonse.

Ndine,
Mayi ako