Kampani Yatsata Alamu Anu Mpaka ku Kandeu

Kandeu, Ntcheu
14 Juni 1947

Okondedwa achimwene a Cyprian,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno tili moyo, kungoti mayi miyendo ikuwavutabe ndi chisanuchi.

Achimwene, zimene ndaona sindinazionepo chibadwire. Paja alamu anu a Dyton anasiya ntchito yosula ku mgodi wa golide ku Rodeshiya chaka chatha. Mwezi wathawu kunafika a Maliro, kapitawo wa kumgodiko. Kampani inawatuma kudzafuna a Dyton, koma mudzi sankaudziwa. Anazungulira Tsangano yense osawapeza. Pa msika wa Lizulu anaona khasu, n'kuligogoda ndi mwala. Atamva kulira kwake akuti anangoti ili ndi dzanja la Dyton, n'kuyamba kufunsa njira.

Alamu anu anakana. Anati ndalama ankalandira ndithu, koma kukalambira m'komponi mkazi ali kwina si moyo.

Ife tinkayesa zatha. Lachiwiri lapitali tinangomva galimoto ikulira kumseu. Wotsikamo, mzungu mwini mgodi! Anawapeza alamu anu akukumba kachewere, iye n'kuvula chipewa, n'kukhala pamzere kudikira kuti amalize. Mudzi wonse unakhamukira kumundako, ana mpaka m'mitengo. A Maliro akumasulira, mzunguyo anati chichokere a Dyton zitsulo zoboolera miyala zikungothyoka, ndipo amisiri onse amene anawalemba alephera.

Walonjeza malipiro owirikiza, nyumba ya njerwa yokhala ndi banja, sukulu ya mwana wathu Janeti, ndi tchuthi chaka chilichonse, sitima yolipira kampani. A Dyton anangoloza ine, amvekere yankho lili ndi awa. Mzunguyo anatembenuka n'kundifunsa ine, achimwene, ine wa dothi m'manja! Ndinapempha kuti ndiyambe ndakulemberani inu.

Ndikuuzeni zoona, mtima wanga ukufuna kupita. Ndinatopa kulera mwana ndekha. Koma mayi ndiwasiyira yani? Iwo akuti pita mwanawe, koma ponena amayang'ana kumbali.

Inu ndinu mwini mbumba, ndipo kunjako mwakhalitsa. Chonde bwerani mvula isanagwe mudzakhale nawo. Mukati ndisapite, ndidzamvera, ngakhale ndidzalira. Mzunguyo wabwerera, koma wawasiya a Maliro konkuno kudikira yankho lanu. Akuti sabwerera opanda ife, moti pano agwira khasu akutithandiza kukumba.

Mundiperekere moni kwa a Kingston ndi onse akwathu kumeneko. Mulungu akusungeni pa ntchito yanu ya mumgodi, pansi pa nthakapo.

Ndine mlongo wanu,
Sellina