Apongozi Akupempherera Wakuba, Koma Wakubayo Ndine

Aphungu,

Ndithandizeni, mutu wanga waima. Ndine bambo wa ana awiri, ndimacheka matabwa ku Chikangawa koma banja langa limakhala pa Mzimba Boma pano. Mowa sindimwa, fodya sindisuta, mpira wa pabwalo ndinausiya bondo litayamba kuvuta. Chisangalalo changa n'chimodzi basi, magemu a pa TV. Ndikabwera kumapeto kwa sabata ndimasamba, kudya, kenako n'kukhala pansi ndi makina anga osewerera magemuwo.

Magemuwa si a pa CD ayi. Ndakhala ndikugula pa intaneti imodziimodzi kwa zaka, ndipo onse ali mu akaunti yanga. Muli ya mpira, ya mpikisano wa magalimoto, ndi ina yankhondo imene ndatsala pang'ono kuimaliza. Tsono makina angawo ndi akale, ayamba kulira ngati sowo yochekera matabwa kuntchito kwathu, moti mkulu wanga wa ku Joni anandimvera chisoni n'kunditumizira atsopano.

Mavuto ayambira pomwepa. Kuti ndilowe mu akaunti yanga pa makina atsopanowa, amayamba atumiza manambala achinsinsi pafoni. Nambala imene ndinalembetsa inali ya mkazi wanga Lusungu, nthawi imeneyo tili pachibwenzi, foni yanga itagwera m'madzi. Titakwatirana iye anagula ina, yakaleyo n'kuwapatsa amayi ake simukhadi ili momwemo. Choncho kiyi wa magemu anga onse ali m'kachikwama ka apongozi anga ku Engutwini.

Ine zonsezi ndinali nditaiwala. Ndinadina, kudina, kudinanso, n'kumadabwa kuti uthenga sukufika. Lamlungu masana apongozi anamuimbira Lusungu ali pachulu paja pamagwira netiweki. Foni inali pa sipika, ndinadzimvera ndekha.

"Mwana wanga, akuba andipeza! Akungonditumizira manambala, mbwenu akufuna andiimbire ndiwawerengere, andibere. Ine ndafufuta onse. Pawailesi anatichenjeza chomene. Ndawauza anzanga a Umanyano, gulu lathu la amayi kutchalitchi, tikumupempherera munthu ameneyo kuti zala zake zitupe."

Aphungu, chala changa chachikulu chikuwawa chiyambire tsiku limenelo.

Lusungu anaseka mpaka misozi. Nditamupempha kuti awafotokozere amayi akewo, anati, "Chonde ndapota, ine musandilowetsemo. Kawauzeni nokha kuti wakubayo ndinu, ndiponso kuti mukulirira zidole."

Mwambo wathu kuno mukuudziwa. Ine ndi apongozi aakazi sitiyang'anana m'maso. Ndikapita kumudzi ndimanjuta chapatali, n'kupereka moni nditazyolika. Mayiwa amanditama mudzi wonse kuti mkamwini wawo ndi munthu wamaganizo, wosadziwa zachibwana. Nkhani ya magemu ndikaiyambira pati?

Mnzanga wa kuntchito, Yotam, wandipatsa nzeru. Akuti awaimbire iye, asinthe mawu, anene kuti ndi wa kukampani ya mafoni akukonza netiweki, mayiwo amuwerengere manambalawo. Akuti palibe amene ataye kanthu, ndipo ulemu wanga ukhala uli pomwepo. Mtima wina ukuvomera, wina ukukana. Ndimutume Yotam, kapena ndingoiwala magemu anga n'kuyamba kugula mwatsopano? Ndikawaganizira ndimamva chisoni ngati khola landipsera.

G.N., Mzimba

Bambo G.N.,

Chalacho chipumitseni kaye, mwachitopetsa ndi kudina. Komabe sindilumbira, amayi a Umanyano sapemphera moseweretsa.

Za Yotam ndikuti ayi, ndipo ndikubwereza, ayi. Zimene akufuna kuchitazo n'zomwe amachita akuba enieni, mawu ake omwewo. Panopa ndinu wakuba m'maganizo mwa apongozi mokha, koma Yotam akangoimba mwasanduka wakuba weniweni. Tinene kuti zatheka. Ndiye kuti mwawaphunzitsa mayi aja kuti munthu wolankhula mwaulemu akaimba, manambala amaperekedwa. Mawa adzaimba wina wofuna kandalama ka chimanga kamene amasunga m'foni mwawo, ndipo khomo adzapeza mutamutsegulira kale inuyo. Zikadzaululika, manyazi ake adzaposa a magemuwa kutalitali.

Kugula mwatsopano nakonso n'kutaya ndalama za sopo wa ana. Magemu anuwo sali m'bokosi lolira ngati sowo lija, ali mu akaunti, ndipo sanapite kulikonse. Chofunika n'kutsegula khomo basi.

Makina akalewo musagulitse, musapatse munthu, musafufutemo kanthu. Poti mu akaunti mudakali olowa kumeneko, sungani kaye pamene mwafika m'gemu iliyonse, kaya pa fulashi kaya pa intaneti, malinga ndi mmene makina anu amalolera. Mukapanda kutero, yankhondo ija mudzaipeza ndithu koma mudzaiyambira pachiyambi. Yang'ananinso ngati mungasinthe nambala ya foni muli momwemo. Zikatheka mwapulumuka theka, koma ku Engutwini mupitabe, chifukwa kuli mayi amene akugona ndi mantha chifukwa cha inu.

Lusungu sanalakwe. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Iye wakana kukusenzerani manyazi pafoni inu mutabisala kuseri kwa TV, koma sindikukhulupirira kuti angakane kukuperekezani. Nyamulani shuga ndi sopo, mupite nonse Loweruka. Makina asiyeni kunyumba, foni yanu ikwanira kulowera mu akaunti. Mwambo umene mukuuopawo ndi womwe ukuthandizeni: inu njutani chapatali monga mwa masiku onse, mawu adutsire kwa mkazi wanu, maso ali pansi. Nenani zoona zokhazokha, kuti mauthenga aja munkatumiza ndinu mosadziwa, ndipo mwabwera kudzapepesa. Mukatero kwerani chulu chija atatu, uthenga ukafika awerenge okha mayiwo inu akukuonani. Musatsike musanachotse nambala yawo n'kuikapo yanu.

Zoti akudziwani kuti mumasewera magemu zisakudetseni nkhawa. Mkamwini wosamwa, wobwera kunyumba kumapeto kwa sabata iliyonse, amene tchimo lake lalikulu n'kuthamangitsa magalimoto a pa TV, apongozi ambiri angamulandire ndi nthungululu. Adzaseka, mwina mudzi wonse udzaseka nawo, ndipo simudzafa nazo.

Mukabwerera, magemuwo muwatsitse imodziimodzi, kuyambira imene mukuifunitsitsa, pamalo pamene intaneti ndi yamphamvu. Amadya bandulo koopsa, musakhuthulire malipiro onse pamenepo Lusungu akuona.

Chenjezo langa ndi ili. Musanatsanzike, athokozeni mayi aja chifukwa chofufuta mauthenga, ndipo muwauze kuti apitirize kukana aliyense wopempha manambala pafoni, ngakhale atanena kuti ndi inuyo. Akauntiyo anakulonderani bwino kuposa mwini wake. Kenako muwapemphe mwaulemu kuti akawauze anzawo a Umanyano kuti wakuba uja wapezeka ndipo walapa. Chitani zimenezi asanakumanenso, apo ayi magemu mudzawapeza onse koma zala zosewerera mulibe.

Aphungu