Kasinja wa apongozi ndimupake mtundu wanji?

Aphungu,

Ndine mphunzitsi wopuma pa ntchito, ndipo masiku ano ndimaswera mu shedi kuseri kwa nyumba, kukonza kasinja wakale. Si wamkulu ayi. Ndi aja ang'onoang'ono opanda denga kapena mzinga, oyenda pa matcheni, amene ankanyamula asilikali ndi katundu wawo. Apongozi anga aamuna, malemu Don Bautista, adamugula asilikali atasiya kumugwiritsa ntchito, n'kupita naye ku famu yawo ya ng'ombe za mkaka. Iwo atamwalira, kasinjayo adangokhala pansi pa mtengo mpaka nkhuku zidayamba kuikiramo mazira.

Injini ndaidzutsa, ndipo matcheni ndawachotsa dzimbiri mfundo ndi mfundo. Cholinga changa chinali kumubwezera mmene adatulukira ku fakitale, wobiriwira, kuti ndikamuonetse pa chionetsero cha gulu lathu la okonza magalimoto akale a nkhondo.

Popala penti ndidadabwa. Pamwamba pali yofiira, pansi pake yachikasu, kenako yabuluu, ndipo yobiriwira ya asilikali ili pansi penipeni. Kumbuyo apongozi adawotchererako chingowe chokokera ngolo, ndipo pambali pa malo a dalaivala adaikapo kampando kachitsulo. Mnzanga wa m'gulu, Osvaldo, ataona adaseka n'kunena kuti, "Aphunzitsi, uyu ndi kasinja kapena ngolo yogulitsira ayisikilimu? Dulani zinyalalazi, mungakatichititse manyazi."

Nditangoliza makina odulira zitsulo, akazi anga a Nélida, amene salowa mu shedi chifukwa cha fungo la girisi, adatulukira. Adagwira kampando kaja n'kunena kuti, "Aka bambo adawotcherera ine. Mvula ikagwa, misewu n'kusanduka phala, Colorada ndiye ankatulutsa zigubu za mkaka za dera lonse kukafika pa tala, ine nditakhala apa kupita kusukulu. Za nkhondo yanuyo sindizidziwa." Colorada, kutanthauza wofiira, ndi dzina limene kwawo adapatsa kasinjayo chifukwa cha penti yofiirayo. Kuyambira tsikulo khofi amangondisiyira pakhomo la shedi, ndipo za kasinja sanatchulenso.

Makina ndidazimitsa, koma funso landikhala pamtima. Munthu akati akubwezera chinthu mwakale, amachibwezera ku tsiku liti? Chionetsero chayandikira. Ndidule kapena ndisadule?

R. F., Sunchales

A R. F.,

Musadule. Ndayamba ndi yankho kuti makinawo muwaike kaye patali, ndiye tikambirane mofatsa.

Funso lanu ndi labwino, ndipo osamala zinthu zakale amatsutsana nalo mpaka lero. Ena amati chinthu chenicheni ndi mmene chidatulukira kwa wochipanga. Ena amati chilichonse chimene chidachitika pa icho ndi mbali ya mbiri yake, malinga ngati chidachitika pa chifukwa. Onse ali ndi mfundo. Koma taonani kasinja wanuyo. Za usilikali wake simunandiuze kanthu, ndipo ndikukayika ngati mukudziwa kumene adapita kapena amene adamuyendetsa. Za ku famu muli ndi mboni yamoyo, imene imakuphikirani khofi. Mukadula, mutaya mbiri imene mukuidziwa pofuna mbiri yongoganizira.

Choyamba, tengani khofi uja mukamwere kukhitchini, muwafunse a Nélida za mitundu inayo. Yachikasu idabwera liti? Nanga yabuluu, idatsala popaka nyumba kapena bambo awo ankakonda timu ya mpira yovala zabuluu? Inu ndinu munthu wachidwi, choncho funsani ngati mmene mumafunsira za injini, osati ngati wopepesa. Muwapemphenso akuperekezeni kwa okalamba a kuderalo amene mkaka wawo udakokedwa ndi Colorada. Mwina wina ali ndi chithunzi.

Za penti pali njira imene okonza zinthu zakale amachita. Amasankha malo aang'ono, okula ngati chikhatho, n'kupala mosanjikiza kuti mtundu uliwonse uoneke pambali pa unzake, kuyambira wapamwamba mpaka wapansi, kenako n'kupakapo vanishi. Aliyense woyang'ana pamenepo amaona moyo wonse wa galimotoyo. Chitani zimenezo pa chitsulo chakutsogolo, pamene anthu amaima. Thupi lonselo musankhe mtundu muli awiri. Mukagwirizana wobiriwira, chingowe ndi kampando zikhale zofiira. Akasankha wofiira, musanyinyirike, penti imapakidwanso.

Osvaldo si mdani wanu, amangokonda zinthu zofanana ndi za m'buku. Muuzeni kuti pa chionetseropo obiriwira adzakhalapo ena, koma woperekeza mwana kusukulu pamatope adzakhala mmodzi. Gulu likakana kumulandira, dikirani chionetsero cha ulimi. Kumeneko kudzakhala anthu omudziwa dzina.

Tsono chenjezo. Penti zakale zambiri zili ndi mtovu, ndipo fumbi lake ndi poizoni. Palani monyowetsa, valani chotchinga mphuno ndi pakamwa, ndipo zovala za mu shedi zisalowe m'nyumba. Musalowenso pansi pa kasinja atangokhala pa jeke popanda zipika. Koma choopsa kwambiri mu shedi yanu ndi makina odulira aja. Bawuti mukamasula mumamanganso, penti mukalakwitsa mumapakanso. Mzere umene apongozi anu adawotcherera ndi dzanja lawo, mukaudula palibe woubwezera, chifukwa mwini dzanjalo adapita.

Tsiku limene Colorada adzatuluke mu shedi akuyenda yekha, musaitane Osvaldo poyamba. Pukutani kampando kaja, ikanipo khushoni, mukagogode kukhitchini.

Phungu