Sutikesi Imene Munamusiyira Alinafe

Amayi, kodi muli bwanji kumeneko? Ife kuno tilipo, koma mtima wanga suli m'malo.

Ndiyambe ndi zabwino. Alamu anga, akazi a achimwene Yohane, anachira. Ndi mwana wamkazi, mphuno yake ndi yanu yeniyeni. Mtedza chaka chino tinakolola ndithu, ngakhale chiswe chinatilanda mizere ya kumunsi ija munkaidandaula.

Nkhani yandilembetsa ndi ya mwana wanga Alinafe, mdzukulu wanu uja ankakuwerengerani Baibulo maso atayamba kukuvutani. Chaka chino anayenera kulemba mayeso a Sitandade 8. Chilowereni m'kalasimo, palibe china aphunzira koma mapepala a mayeso akale. Kuloweza basi, ngati katekisimu. Tsiku lina ndinamufunsa tanthauzo la zimene amalakatulazo, iye n'kundiuza kuti aphunzitsi anati tanthauzo silibwera pa mayeso. Dimba la sukulu lija munkaliperekera mbewu linamera tchire, ati ulimi wa pa mayeso ndi wa papepala.

Atalemba mayeso oyeserera, Chingelezi chinamugwetsa. Ahedi anandiitanitsa, n'kundipatsa mpando mwaulemu wonse. Anati dzina lake salitumiza ku mayeso a boma, abwerere ku Sitandade 7, chifukwa akakalephera aipitsa mbiri ya sukulu. Ya mwanayo sanaitchule. Akusankha ana monga mavenda a pa Kamwendo amasankhira mtedza, wonenepa m'thumba, wofwapa pansi. Inu munkati mphwephwa sataya, nayonso imatendera ndiwo. Mawu amenewa anafika pakhosi, koma ndinangoti zikomo n'kutuluka. Zikomo ameneyo akundiwawa mpaka lero, Amayi.

Alinafe ndi namwali tsopano. Wanenetsa kuti sangakhale m'kalasi limodzi ndi mng'ono wake, anzake n'kumamuseka. Akufuna kupita kuboda, azikagulitsa mtedza wophika kwa madalaivala a mathiraki. Inu mukudziwa mmene ana a eni amabwererako kumeneko. Dzulo ndinamupeza akulongedza zovala mu sutikesi yanu yobiriwira, ija munamusiyira kuti adzanyamule popita ku sekondale. Sindinamukalipire. Ndikanamuuza chiyani, pamene sukulu yomwe yamuuza kale kuti ndi wotsalira?

Ndinangokhuthula zovalazo pamphasa. Munkatiuza kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe, koma kusukulu kuja mwana ndi nambala ya pa bolodi. Ndakwiya, ndipo ndadzikwiyira ndekha pokhala chete muofesi muja.

Lolemba ndisenza sutikesiyo mpaka kusukulu. Ndikaikhazika pakhomo pa ofesi ya ahedi, ndikhalepo mpaka dzina la Alinafe alilembe. Ngati n'kulephera, akalephere yekha cholembera chili m'manja. Ulendo uno zikomo sakamumva.

Ndimakukondani, ndipo ndakusowani kwambiri. Ndikukulonjezani, Amayi, sutikesi yanu siona boda ine ndili moyo.

Ndine mwana wanu,
Felesita