Amayi Akusamuka Pang'onopang'ono

Msakambewa, Dowa

Okondedwa achimwene a Mikayeli,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno tilipo, chimanga chamasula, mbuzi ija yaswa awiri.

Amayi akudya bwino, sakudandaula paliponse. Koma m'mawa nkhungu ikakuta mapiri, amakhala pakhonde n'kumacheza ndi malemu bambo athu. Amaseka, amadikira yankho, n'kugwedeza mutu. Dzulo anandiuza kuti kumeneko kulibe zitunda, munthu umayenda osatopa. Kenako anandiyang'anitsitsa n'kufunsa mwaulemu kuti, "Kodi inu mayi, kwanu n'kuti?"

Sindinalire. Ndinangokhala nawo pakhondepo. Kale ndinkayesa mzimu umachoka tsiku limodzi, mpweya ukatha. Tsopano ndikuona ngati umasamuka pang'onopang'ono, monga munthu wotuta katundu kupita kunyumba yatsopano. Nyimbo za kutchalitchi anatuta kale. Njira ya kudimba anatutanso. Dzina langa lapita sabata yathayi.

Lanu lokha likadali kuno. Akamva njinga yamoto ikukwera mtunda, amalitchula, n'kukonza duku.

Ndikudziwa kuti ntchito ndi yovuta kusiya, ndiye sindikukuuzani zochita. Kungoti m'nyumbamo katundu watsala wochepa, achimwene.

Ndine mlongo wanu,
Marita