Mphasa ya Bingo Inafika

Matawale, Zomba

Okondedwa achimwene a Winston,

Ndikhulupirira kuti ku Joniko muli bwino. Kuno tilipo.

Mphasa yamagetsi munatumizira galu wanu ija inafika bwino kunyumba kwanu ku Masongola. Adokotala a ziweto anati Bingo azigonapo m'mawa ndi madzulo kuti mphamvu ya maginito izilowa m'chiuno mwake mopwetekamo. Akazi anu a Sheila saphonya. Magetsi akazima amayatsa jenereta.

Bambo, amene nthawiyo ankakhala kwanuko, ndi miyendo yawo yotupa ija, ankangoyang'ana. Tsiku lina anadzikoka n'kukhalapo, uku akuseka, amvekere, "Nane ndilaweko mankhwala a mwana wanga."

Alamu anawadzutsa chowakoka dzanja. "Chokanipo apa, mumpatsira galu matenda!" Mphasayo anaipukuta ndi sopo bambo akuona. Mawa lake anawakweza kabaza kuwabweza kwa ine kuno. Kuyambira tsiku limenelo sanatchulenso dzina lanu, ndipo chakudya ankangochiyang'ana.

Koma musade nkhawa, Bingo wachira. Loweruka alamu anakwera naye kuphiri, ndipo akuti anathamangitsa anyani mpaka anthu ogulitsa zipatso kumuombera m'manja. Mphamvu zabwerera moti anagwetsa mayi wina wa Mvano amene tinamutuma kwanuko kukabwereka mipando ya pamaliro.

Kalata yanu yonse inali yofunsa za galu, ndiye zinazo sindikutopetsani nazo. Kungoti nsapato zazikulu munalonjeza bambo zija musavutike kugula. M'malo mwake gulani tcheni, cha Bingo chaduka.

Ndine mlongo wanu,
Felista